Mapinseli Atatu a Akazi Anga

Lolemba, ku Furancungo

Kalata! Yoyamba chiyambire mvula yapitayi. Yabwera m'thumba la woyendetsa galimoto ya chipatala, ikununkha dizilo.

Akazi anga, a Filomena, akubwera Loweruka ndi koluna, uja mdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali. Papita zaka ziwiri chithawireni. Anapita ndi mwana wathu Zinha kwa amayi awo ku Ntengo-Wambalame, nkhondo itawapeza kumeneko n'kuolokera ku Malawi, kumsasa wa othawa. Ine ndinatsala kuno chifukwa ofesi yathu ili ndi makina olembera amodzi, ndipo wodziwa kuwamenya ndi mmodzinso. Ndine.

Ndaiwerenga kanayi. Zonena za ine, mzere umodzi. Za chifuwa cha Zinha, mizere itatu. Kenako pamapeto: "Kabokosi kanga ka mapinseli ndikhulupirira mukukasunga bwino. Ndidzakafuna."

Mayo ine!

Mapinseliwo ndi timaburashi tofewa todzolera pauda ndi zofiiritsa masaya. Alipo atatu. Anapatsidwa pa ukwati wathu ndi madirinya awo, mayi awo a ubatizo a ku Beira. Tsiku lothawa lija ananyamula mwana ndi poto, kabokosi n'kutsala pansi pa bedi.

Ndakatsegula. Muli:
- kagalasi kobenthuka pakona
- pauda wouma gwa, ngati dothi la pachulu
- mphemvu imodzi, yakufa
- mapinseli, palibe ndi mmodzi yemwe

Sikuti anabedwa. Komwe ali ndikukudziwa, ndiye vuto lakelo.

Wamkulu, wa pauda: ndimapukutira fumbi pamakina ku ofesi.
Wapakati, wa masaya: a Shefi, bwana wathu, anabwereka chaka chatha kuti azipakira tinta, inki ija, pa kansalu ka chidindo.
Wamng'ono, wa m'zikope: ndimatokosera zilembo zikatsekeka.

Ndinkati ndi za masiku ochepa chabe. Nkhondonso tinkati ndi ya masiku ochepa chabe.

Ndikukumbukira mmene ankawasambitsira Lamulungu lililonse tikabwera ku Misa. Malamulo awo:
- sopo weniweni, pang'ono, pachikhatho
- madzi ofunda, osati otentha, ulimbo wogwira ubweya ungasungunuke
- chogwirira chisaviikidwe
- kufinya m'kansalu, osapotokola
- kuyanika chogoneka, pamthunzi

Ndinkawaseka: "Mukusambitsa khanda kodi?" Lero sindikuseka.

Dongosolo langa: mawa sopo. Lachitatu kutsuka. Lachinayi kuyanika. Lachisanu kupesa ndi kubweza m'kabokosi. Loweruka kuima pamsewu ndi malaya oyera, nkhope ya munthu wosunga zinthu.

Zosavuta!

Lachiwiri

Tambala woyamba, ndili kale pa bisha, mzere wodikira wa kusitolo. Kuzizira koluma zala. Patsogolo panga anthu osawerengeka, ndipo palibe akudziwa chomwe chabwera. Wina anamva kuti shuga. Wina anamva kuti mchere. Ine ndasankha kumva kuti sopo.

Dzuwa litakwera chitseko chatseguka. Zomwe zilipo:
- nsapato za mphira, zakumanzere zokhazokha
- zingwe za nyale, palafini wake palibe
- zivundikiro za mapoto, mapoto ake palibe

Sopo? "Não há," kutanthauza kuti palibe. Nanga mawa? "Não há." Wogulitsayo sakudzutsa n'komwe mutu. Mawu awiri amenewa ana athu amawadziwa asanadziwe kuti mama.

Mayi wina kumbuyo kwanga: "Sopo wa chiyani, abambo? Mukukwatira kachiwiri?" Bisha yonse yaseka. Ena agula nsapato yakumanzere kuti kuima konseku kusapite pachabe.

Ku ofesi. Wamkulu ndi wamng'ono ndawalowetsa m'thumba mwakachetechete. Wapakati ali patebulo la a Shefi, wabuluu mpaka m'khosi. Ndapempha mwaulemu, manja kumbuyo.

A Shefi: "Camarada, chinthu chikagwira ntchito ya boma chaka chathunthu, ndi katundu wa boma. Lembani requerimento."

Ndiye kuti kalata yopempha chinthu cha akazi anga ndiilembe ndine, pamakina, makope atatu, ndiwapatse iwo, iwo aidinde ndi chidindo chopakidwa ndi pinseli yemweyo.

Ndalemba. Adinda. Ati yankho lidzatuluka nthawi yake ikakwana.

Masana atapita kukadya, ndaba. Ndaba katundu wa boma yemwe ndi wa m'nyumba mwanga! Pamalo pake ndasiyapo nthenga ya nkhuku.

Mtima sukukhazikika. Alipo anthu anatengedwa chifukwa cha zochepa kuposa izi, ndipo mpaka lero sitinawaone.

Lachitatu

Sopo palibe, ndiye ndapita kwa a Dona Roza, oyandikana nafe nyumba. Amuna awo anaponda bomba panjira ya kumunda chaka chatha. Chichokereni malirowo sasowa yankho pa chilichonse, ndipo safunsa kawiri.

Ati: "Phulusa, bambo a Zinha. Phulusa limachapa matewera, lingalephere timichira iti?"

Asefa madzi a phulusa, aika pamoto. Ndawauza kuti ofunda chabe. Andiyang'ana ngati ndanena zamwano. "Munaonapo litsiro likuthawa madzi ofunda?"

Ndathamangira kunyumba kukatenga kansalu kofinyira. Kungolowa ndi kutuluka basi. Pobwera ndapeza onse atatu ali mumphika, akubwadamuka ngati therere, a Dona Roza akutakasa ndi mthiko.

Ndakuwa. Ndavuula ndi chipande. Zotsatira:

Wamkulu: chogwirira chatuluka chokha, mbuu, ngati chitsononkho. Ubweya wonse ukuyandama pamwamba.
Wapakati: walavula tinta yonse ya chaka chathunthu.
Wamng'ono: wamwa tinta imene walavula mnzakeyo. Anali wakuda ndi litsiro, tsopano ndi wabuluu.
Manja anga: abuluu mpaka m'zigongono.

A Dona Roza: "Koma fumbi lija latha."

Zoona, latha.

Ubweya ndautola ndi sefa ya ufa, kamodzikamodzi, n'kuuika mu envelopu ya boma. Kuba kwachiwiri.

Ku ofesi a Shefi apeza nthenga ija. Atisonkhanitsa tonse anayi. Ati mdani sali kuthengo kokha, ali pakati pathu, ndipo lero waba pinseli, mawa adzaba chidindo, mkuja dziko. Ine manja pansi pa tebulo. Atatha kulankhula andipatsa lipoti loti ndilembe pompo.

Munthu ungamenye makina manja ali pansi pa tebulo?

Ayang'ana zala zanga nthawi yaitali. Ndati: "Ndi fita ya makinayi, a Shefi." Fitayo, kalamba ka inki kaja, inauma kalekale, tonse tikudziwa, mpaka ndimaidonthezera malovu kuti ilembe. Alemba kanthu m'kabuku kawo.

Mlonda akuti koluna ya sabata yatha sinafike yonse. Sakunena kuti anatsala angati. Sindikufuna kufunsa.

Lachinayi

M'mawa ndagoneka awiri otsalawo pathabwa kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Lamulo limodzi lokha ndalisunga sabata ino.

Dzuwa lisanafike pamutu, mfuti! Cha kutsidya kwa mtsinje. Kenako ina yaikulu, mpaka malata a ofesi kunjenjemera.

Tonse liwiro kupita kuchigwembe cha kuphiri, monga mwa masiku onse. Ndadutsira kunyumba. Zomwe anzanga anyamula:
- ana
- mabulangete
- wailesi
- a Dona Roza, tonde wawo pachingwe

Zomwe ndanyamula ine: kabokosi kopanda kanthu ndi envelopu ya ubweya. Bulangete ndasiya. Mbatata zophika ndasiya. Mapinseli awiri ali pathabwa ndaiwala!

Tili m'chigwembe kuyambira masana. Pansi panyowa. Palibe akulankhula mokweza. Mayi wina watseka mwana wake pakamwa ndi dzanja, mwanayo akungoyendetsa maso. Utsi ukukwera kutsidya, malo atatu.

Mkulu wina wandikodola, akuloza kabokosi: "Muli chakudya?" Ayi. "Mankhwala?" Ayi. "Nanga?" Ndamutsegulira. Wayang'ana kagalasi, wayang'ana pauda, wayang'ana ine. Wasunthira kutali pang'ono.

A Dona Roza akupemphera kolona. Pakati pa Tikuoneni Maria andinong'oneza: "Munayanula?"

Ndikuganiza za msewu umene koluna idzadutse Loweruka. Ndi womwewo wa kutsidyawo. Zinha anachoka akuyamba kumene kuyenda. Tsopano ayenera kuti amathamanga. Bwenzi lero akuthamanga nafe.

Madzulo tabwerera. Akuti nyumba zitatu zapsa, nkhokwe zakokoledwa, anthu awiri anyamulidwa pamachira kupita kuchipatala. Maina sanamveke.

Pathabwa: wamng'ono yekha.

Wapakati sindinavutike kumufunafuna. Ali pakhonde panga pomwe, m'manja mwa msilikali wa maso ofiira psu, wavula nsapato, mfuti waimasula zidutswazidutswa pa mphasa yanga. Akuviika pinseli m'kachitini ka mafuta akuda, n'kumalowetsa m'ming'alu.

Ndati: "Camarada, kameneko n'ka akazi anga."
Iye: "Akazi anu ali ndi mfuti?"
Ayi.
"Ndiye akufuna kachiyani? Kamafika paliponse aka. Chiyambireni sindinaone kabwino chotere."

Ndayang'ana zidutswa zija. Ndayang'ana maso ake. Ndati: "Kakuthandizeni." Ndamupatsanso madzi akumwa ndi mbatata zanga.

Lachisanu

Ku ofesi sindinapite. Ndatumiza mawu kuti m'mimba.

Lero linali tsiku lopesa. Zopesa zake:
- wamng'ono, wabuluu, wauma ngati msomali
- chogwirira cha wamkulu
- envelopu

Envelopu ija dzulo ndinaikhalira m'chigwembe masana onse. Ubweya wagwirana ngati chisa cha mbewa. Ndauwongola ndi singano. Ndapeza ulimbo wa mbalame. Ndapaka pachogwirira, ndayamba kumata.

Theka lamatirira kuzala. Pofuna kuchotsa ndi dzanja linalo, lasamukira kumeneko. Mphepo yabwera n'kutenga gawo lake. Zomwe zafika pachogwirira sizingakwane nsidze imodzi.

Ndakhala pansi. Ndikanalira, koma manja onse ulimbo wokhawokha, ndikanapukuta ndi chiyani?

A Dona Roza asuzumira pampanda: "Ndevu za tonde wangayu n'zofewa kuposa za ku Beirazo."

Tonde ameneyu wapulumuka nkhondo yonseyi chifukwa amagona m'nyumba. Sakhulupirira munthu aliyense, ndipo sakulakwa. A Dona Roza agwira nyanga, ine lumo. Wandigunda pabondo. Wandigundanso pomwepo. Kachitatu ndameta!

Ndasanja, ndadula nsonga kuti zilingane, ndamanga ndi ulusi wosomola ku malaya akale. Ndaika patebulo, ndabwerera mapazi atatu. Pinseli! Ukaima patali, pinseli ndithu!

Ukayandikira, tonde.

Ndatsuka katatu ndi masamba a mandimu. Tsopano ndi tonde amene wadya mandimu.

Ndati ndiyese ndekha, a Filomena asadzakhale oyamba. Ndapala pauda uja ndi mpeni, ndaimika kagalasi pawindo, ndayamba tsaya lakumanja, mozungulira, mopepuka, monga ankachitira iwo. Akugwira! Ndapitiriza mpaka pachipumi.

Chitseko kwee. A Shefi. Abwera kudzaona m'mimba muja.

Ine chiimire, nkhope theka yoyera mbee, manja abuluu omera ubweya, nyumba yonse fungo la m'khola. Iwo chiimire pakhomo, chipewa m'manja.

Patapita nthawi ati, motsitsa mawu: "Camarada, nkhondoyi yatipweteka tonse, aliyense mwa njira yake. Mupume. Za pinseli zija tiziiwale."

Atuluka chafutambuyo, n'kutseka chitseko bwinobwino.

Mlandu watha. Dzina langa lathanso. Pofika madzulo akazi a pachitsime onse akundipatsa moni wachifundo.

Tsaya layamba kuyabwa.

Loweruka

Tsaya latupa, totupa ting'onoting'ono mpaka kukhutu. Malaya oyera ndinachapa ndi madzi okha, ndiye ndi oyera mwa mbiri chabe. Ndasesa m'nyumba. Ndabwereka mpando ndi mbale ziwiri kwa a Dona Roza. Nyemba zili pamoto.

Pamsewu kuyambira m'mawa. Tilipo ambiri. Aliyense akuyang'ana kumene kumachokera fumbi, palibe akuyang'ana mnzake. Ndikuyeseza mawu. "Mwafika bwino? Pali kankhani pang'ono." Ayi. "Mwafika bwino? Mukudziwa kuti nkhondo..." Ayinso.

Masana, zii. Ena abwerera kukadya. Ine ayi.

Dzuwa litapendeka, fumbi! Malole akubwera pang'onopang'ono. Imodzi ikukokedwa ndi inzake, galasi lakutsogolo mabowo okhaokha. Anthu akutsika otuwa, sungadziwe mwamuna kapena mkazi mpaka alankhule. Ndikuyang'ana mayi aliyense wa mwana. Uyu ayi. Uyu ayi. Mayi wina pafupi nane wayamba kulira asanauzidwe kanthu.

Wina wandigwira paphewa. Alamu anga a Tomasi, achimwene awo a a Filomena, kachikwama m'khwapa.

Mawu awo oyamba: "Ali moyo, alamu. Onse awiri."

Ndakhala pansi pafumbi ndi malaya oyera aja.

Akuti a Filomena anafika mpaka pamalire, katundu ali pamutu. Kumeneko ndi kumene anamva za Lachinayi. Anayang'ana lole, anayang'ana Zinha, n'kutsitsa katundu. Sindikuwadzudzula. Ndikanakhala ine ndikanatsitsa msanga kuposa apo.

"Koma andituma kabokosi kaja."

Tili kunyumba afotokoza. Kumsasa anthu akukwatiranabe, Loweruka lililonse, pansi pa matenti pomwepo. A Filomena ayamba kukonza nkhope za akwati. Pakali pano akupaka ndi zala ndi kathonje, anthu n'kumawathokoza ndi nyemba, shuga, nthawi zina dzira la Zinha. Akuti atakhala ndi mapinseli awo aja, angamaitanidwe ngakhale m'midzi ya eni dziko, ndipo mankhwala a chifuwa sangamasowe.

"Amauza aliyense kuti zida zawo zenizeni zili kwa amuna awo, ndipo amuna awo ndi munthu wosamala. Wa mu ofesi."

Ndakanda tsaya.

Kenako a Tomasi apisa m'chikwama, atulutsa kanthu kokulunga m'pepala. "Ati ndikupatseni. Ati mwina kuno mukuvutika."

Sopo. Theka la mtanda, wobiriwira, wonunkhira.

Ndaseka mpaka a Dona Roza abwera mothamanga, poyesa kuti kwagwa maliro.

Lamulungu

Ku Misa sindinapite. Koluna ibwerera masana.

Ndatsuka awiriwo monga mwa malamulo, lililonse, osadumpha. Sopo pachikhatho. Madzi ofunda, ndayesa ndi chigongono. Wamng'ono wafewa, ubuluu wachepako, nsonga yake yabwerera. Ameneyu angagwire ntchito, bola mkwati asamadane ndi zikope zabuluu. Wa tonde wathothoka ndevu zingapo, fungo silinathothoke.

Sanaume. Ndawakulunga chinyowere m'kansalu, n'kuwaika m'kabokosi. Sopo wotsala ndamuikanso momwemo, abwerere kwa mwini wake, kumeneko ali ndi ntchito kuposa kuno.

Kalata ndayamba katatu. Yoyamba inali yaitali, yodzaza ndi nkhondo. Yachiwiri inali yonamizira a Dona Roza. Yachitatu ndi iyi: "Wamkulu ndinamuwononga ndine, uyu ndi wopanga ndekha, muyambe mwamuyesa padzanja. Wapakati anapita kunkhondo. Wamng'ono ndi yemweyo. Pepani. Zinha mumuuze kuti bambo ake alipo."

A Tomasi anunkhiza chikwama chawo: "Mwaikamo nyama, alamu?" Ndati ayi. Akhumudwa pang'ono.

Pamsewu, phazi limodzi lili kale pa tayala la lole, atembenuka. "Panali mawu ena, ndimati ndikuuzeni pomaliza. Ati mukadzatopa nawo makinawo, njira mukuidziwa."

Ndati ndamva.

Njira ndikuidziwadi. Koma munthu wa boma sachoka popanda giya, chikalata cha ulendo. Giyayo wolemba ndine, wosaina ndi a Shefi, ndipo sangasaine wolemba wina asanapezeke. Wolemba wina angabwere kuno kudzatani? Kuchoka mozemba, ndiye kuti ndasanduka mdani, mbali zonse ziwiri.

Malole anyamuka. Ndaima mpaka fumbi litakhala pansi. Akafika bwino, kabokosi katsegulidwa Lachiwiri kapena Lachitatu, mwina pamaso pa anthu. Ndikuthokoza Mulungu kuti pali malire pakati pathu, ndiponso ndikudana nawo malirewo.

Mpando ndabweza. Mbale ndabweza. A Dona Roza sanafunse kanthu, angondipatsa masamba oti nditikite patsaya. Sindinawafunse kuti ndi masamba anji. Ndatikita.

Mawa ofesi, lipoti la nyumba zopsa zija, makope asanu.

Nyemba ndinaphika za anthu atatu, alamu anadya pang'ono chabe. Zindifikitsa Lachitatu, ngati sizisasa.